Dzina la Anesi pa Intaneti

Sitefano Mulepa anakhala akutola nkhani za ku Thyolo kuyambira mu 1994, n'kumatumizira wailesi ina ya ku Blantyre. Anthu a m'maesiteti a tiyi ankamuuza zakukhosi chifukwa munthu akanena kuti "musanditchule", sankamutchuladi.

Mu 2008 wailesiyo inatsegula tsamba la pa intaneti, n'kulemba ntchito mkonzi watsopano dzina lake Leonard. Iyeyu analamula kuti nkhani zisamabwerenso pa fakisi koma pa imelo, ndipo chithunzi chizikhalapo.

Mu Disembala chaka chomwecho, tiyi atachuluka ndi mvula, Anesi Nakoma, mayi wothyola tiyi pa esiteti ina ya kufupi ndi Masambanjati, anaitanitsa Sitefano n'kumuonetsa manja ake. Khungu linali litasupuka mpaka m'zigongono. Kapitawo anali atamulowetsa pamodzi ndi anzake m'munda tsiku lomwe munapoperedwa mankhwala, ndipo azimayi ena asanu ndi mmodzi anapsa chimodzimodzi.

"Lembani, achimwene, koma dzina langa lokha ayi," anatero Anesi. "Nyumba ndikukhalayi ndi ya kampani, ndipo ndili ndi ana atatu."

Sitefano anapita kuboma komwe kunali kanyumba ka intaneti, natumiza nkhaniyo yopanda dzina. Koma poti Leonard ankafuna umboni pa nkhani iliyonse, anaikanso chithunzi cha Anesi ndi dzina lake, pansi pake n'kulemba ndi zilembo zazikulu kuti: IZI NDI ZA MKONZI YEKHA, ZISATULUKE.

Ola limodzi lisanathe, nkhope ya Anesi ndi dzina lake lonse zinali pa intaneti. Eni esiteti, omwe amakhala kunja kwa dziko lino, anaziona tsiku lomwelo. M'mawa mwake manejala anaitana Anesi kuofesi, namuonetsa pepala lokhala ndi chithunzi chake. Anamuchotsa ntchito, n'kumupatsa masiku atatu kuti atuluke m'nyumba.

Sitefano atamva, anakwera minibasi ya ku Blantyre. Anafika muofesi ya Leonard osagogoda.

"Simunawerenge zimene ndinalemba pansi pa chithunzi chija?"

"Ndinawerenga, a Mulepa. Koma nkhani yopanda nkhope ndani angaitsegule? Bwerani muone, anthu zikwi zinayi aiwerenga kale, ena ali ku Joni, ena ku Ulaya."

"Mwa anthu anuwo, ndani amupatse nyumba mayi uja?" anakalipa Sitefano, akumenya tebulo mpaka kapu ya tiyi inagubuduka. "Inu simunapondepo m'munda wa tiyi! Mumakhala pampandopo n'kumaseweretsa miyoyo ya anthu ngati bawo. Chotsani tsopano lino!"

Leonard anadina kompyuta kawiri, nkhani ija inachoka. Kenaka anamuonetsa masamba ena atatu omwe anali ataikopera kale, chithunzi ndi dzina zili momwemo.

"Awa si athu, sindingawakhudze. Zinthu zinasintha, mdala. Masiku ano wochedwa alibe nkhani."

Sitefano anavula chitupa cha ntchito m'khosi, nachiponya patebulo pamodzi ndi chojambulira mawu cha wailesi. Kenaka anatuluka.

Sitefano anakamupeza Anesi ku Khonjeni, komwe mayiyo anali atasamukira kwa mlongo wake, katundu ali mulu pakhonde. Anesi sanamupatse ndi mpando womwe. Sitefano anafotokoza zonse, n'kumaliza ndi kunena kuti ntchito waisiya.

"Mwasiya?" Anesi anadzuka pamkeka. "Ine ndimati popeza mwandivula kale pamaso pa dziko lonse, mubwere ndi chojambulira chanucho ndiyankhule zonse, akapitawo ndiwatchule mmodzimmodzi. Ndiye inu mwakataya chida chifukwa cha mkwiyo wanu? Mwandithandiza chiyani? Wopsa manja ndine, koma wothawa ndinu!"

Lolemba lotsatira Sitefano anaperekeza Anesi kuofesi yoona za apantchito kuboma, nakachitira umboni. Azimayi ena asanu ndi mmodzi aja anakana kupita nawo, ndipo akamuona Sitefano pamsika ankatembenukira kumbali. Mlandu unatenga chaka chathunthu, Anesi sanabwererenso pantchito.

Wailesi ija sinalembenso mtolankhani wina ku Thyolo. Nkhani za m'maesiteti Leonard anayamba kuzitola pa masamba a anzake, ali khale muofesi ku Blantyre.