Chitenje Chimene Anaberekera Chiza

Amai anga ukawaitana kuti "Amake Towela" amatembenuka, nkumwetulira, nkuvomera bwinobwino. Koma Towela mwini wakeyo, ineyo, ndikafika pakhomo ku Kanakantapa, amandipatsa mpando ngati ndine mlangizi wochokera ku boma, nkugwada, nkundifunsa kuti ndachokera kuti. Zinayamba pang'onopang'ono. Poyamba ankaiwala pamene aika khasu, kenako anaiwala kuti atate anamwalira, kenako anandiiwala ine. Mng'ono wanga Ednah, amene amakhala nawo, lero amamudziwa, mawa ayi. Munthu mmodzi yekha ndiye anakanirira m'mutu mwawo osachoka.

"Chiza abwera liti?" Funso lake linali lomwelo, m'mawa ndi madzulo.

Chiza si mwana wawo wobereka. Dzina lake lenileni ndi Clarissa. Anabwera kwathu ine nditangomaliza maphunziro a uphunzitsi, atatumidwa ndi mpingo wina wa ku Sweden kudzathandiza alimi a ndiwo zamasamba. Anthu ankayembekezera mzungu wamtali, koma m'minibasi munatsika kamtsikana kakafupi, katsitsi lakuda bii, ndipo ana anayamba kukuwa kuti Muchaina wafika. Iye anafotokoza kuti anabadwira ku Korea, koma anamutenga ali khanda nkupita naye ku Sweden, kwa anthu amene anamulera. Amai sanaimvetse nkhaniyo. Anandiuza kuti ndimufunse kuti amalume ake anali kuti, azakhali ake anali kuti, mpaka mwana achite kutengedwa ndi anthu a dziko lina. Clarissa anati sadziwa wachibale ngakhale mmodzi. Amai ananyamula chikwama chake nkukachiika m'chipinda changa osandifunsa.

Dzinja loyamba anadwala malungo. Msewu wathu unali utaduka ndi matope, maminibasi akutembenukira kutali. Amai sanadikire ngolo ya munthu. Anavula chitenje chawo chobiriwira chokhala ndi nkhanga zachikasu, nkumubereka mtsikana wamkulu ndithu kumbuyo, miyendo ili lendelende, nkuyamba ulendo wa kuchipatala. Ine ndinali pambuyo ndi nsapato zake m'manja, ndikung'ung'udza kuti tikuchititsa manyazi. Anthu m'minda ankaseka, Amai osatembenuka nkomwe. Atachira anamupatsa dzina loti Chiza, poti loti Clarissa lilime lawo linkalikana.

Anakhala nafe nyengo ziwiri za mvula nkubwerera kwawo. Tinkaimbirana foni, kenako moyo unatipanikiza, ine ndi ana a sukulu ku Chongwe ndi nyumba yosatha kumanga ku Silverest, iye ndi zake. Za matenda a Amai ndinangomuuza kuti akukalamba. Ednah anayesa kuwaonetsa nkhope ya Chiza pa foni, koma Amai anakwiya, amvekere tamutsekera mwana m'kabokosi. Ndiye Clarissa atabwereza pempho lake lakale loti ndikamuchezere pa tchuti cha mu Ogasiti, ndinavomera. Mwamuna wanga Mervin ankauza anzake kuti madamu apita kukapuma kwa azungu. Ine sindinapite kukapuma, ndinapita kukamutenga.

Anandichingamira pa bwalo la ndege ku Stockholm, tsitsi lija litayamba imvi. Anapinda mawondo pang'ono, nkuomba m'manja pakati pa anthu onse aja.

"Mwafika bwanji, akulu anga?"

"Iwe, nyamuka, uzatigwiritsa na mapolisi," ndinatero, misozi ili mbwembwembwe.

Chinyanja chake chinali chikadali chokhota ngati kale, koma chinalipo. Ndinamupatsa nshawa, mtedza wa m'munda mwa Amai, iye anazinunkhiza nthawi yaitali asanadye. Anandiyendetsa m'misewu yoyera ngati yokolopa, m'mabasi momwe anthu amakhala phee osapatsana moni. Dzuwa la kumeneko limachedwa kulowa, ndipo tsiku lililonse ndinkadziuza kuti nthawi ikadalipo, ndimuuza madzulo. Koma akangofunsa kuti Amai ali bwanji, mtengo wa mango uja ukubalabe kodi, ndinkasintha nkhani. Ndinkaopa kuti akana, komanso ndisabise, ndinali ndi nsanje.

Loweruka anati tipite kwa anzake. Ali ndi gulu lawo, onse obadwira ku Korea nkuleredwa ku Sweden, ndipo amakumana kamodzikamodzi pa kapinga m'mbali mwa madzi, aliyense ndi mbale yake. Ndinkaganiza kuti ndikamva Chikoreya, koma onse ankayankhula Chiswidishi, ine akunditembenuzira m'Chizungu. Zakudya za ku Korea anaphunzira kuphika atakula, ena poonera pa foni. Anandipatsa kabichi wowawasa wa tsabola amene anandituluka m'mphuno, onse nkufa nako kuseka.

Pambali panga panakhala bambo wina wonenepa, woyendetsa basi, dzina lake Elvis. Anandiuza mosadandaula nkomwe kuti iye anamutola pakhomo la polisi. Dzina la Chikoreya anamupatsa ndi amene anamutolawo, tsiku lobadwa anangoliyerekeza poona kukula kwake. Mayi wina, Cecilia, namwino, anati iye amai ake anawapeza. Anakumana kamodzi kokha, m'chipinda cha alendo, popanda chiyankhulo chowagwirizanitsa. Mayiwo anamupempha kudzera mwa womasulira kuti asabwerenso, chifukwa mwamuna wawo sankadziwa za iye.

"Ndiye munapitiranji?" ndinafunsa, poti pakamwa panga sipachedwa.

"Anandigwira khutu," anatero Cecilia. "Analiyang'ana, nkugwira lawo, nkuseka. Ndi lofanana. Atandilola ndikhoza kupitanso mawa."

Kenako Elvis anandiyang'anitsitsa, nkufunsa ngati ndine mwana wa amai aja a chitenje. Ndinadabwa kuona kuti onse ankawadziwa Amai. Clarissa anali atawafotokozera za matope aja, za kuberekedwa, za dzina, mwina chaka ndi chaka. Ena anasendera pafupi. Ankafuna kudziwa ngati ndimafanana nawo, ngati timaseka mofanana, ngati amandiuza za tsiku limene ndinabadwa. Cecilia anati ndili ndi mwayi waukulu, chifukwa ndikafuna kuona kumene mphuno yanga inachokera ndimangokwera basi.

"Mwayi wake uti?" ndinatero. "Sandidziwa. Ndikafika amandipatsa mpando ngati mlendo."

Clarissa anaika mbale yake pansi, nkundigwira dzanja, nkupita nane pansi pa mitengo. Kumeneko ndinamuuza zonse, za khasu, za atate, za funso la m'mawa ndi madzulo lija.

"Tiye kunyumba," ndinatero. "Nabwera kukutenga. Safuna ine, afuna iwe. Ine ninabadwa m'mimba mwawo, iwe unangodwala chabe malungo, koma dzina lili pakamwa pawo ni lako. Tiye akuone mutu usanatsekeke."

Analira osatulutsa mawu. Atapukuta m'maso anati nayenso anali ndi nkhani imene ankaizengereza chifikireni changa. Zaka zapitazo anapereka magazi ake kuti awayerekeze ndi a anthu a ku Korea amene akufunafuna ana awo. Panalibe yankho mpaka mwezi wathawu. Kwapezeka mayi wina wokalamba wa magazi ofanana ndi ake, ali m'chipatala, ndipo a kumeneko akuti asachedwe. Ulendo wake unali sabata yotsatira, ndipo masiku onse opuma amene kuntchito anamupatsa anali atathera komweko.

"Nikapita ku Kanakantapa, uyu nizamupeza atafa," anatero. "Nikapita ku Korea, Amai bazaniiwala. Towela, nichite bwanji?"

Mawu anali pa lilime, oti uyo anakutaya, athu anakubereka m'matope. Ndinali nditatsegula kale pakamwa. Koma ndinaona Cecilia chapatali akusonkhanitsa mbale, ndinakumbukira za khutu lija, ndipo ndinawameza. Munthu amene wadikira moyo wake wonse kuti aone nkhope imodzi, ine ndinali ndani kuti ndimuuze kuti adikirebe? Kumva ndinamva, koma mtima unandiwawa, ndipo pobwerera m'basi sindinamuyankhule.

M'mawa wa tsiku lonyamuka ndikulongedza, Clarissa analowa ndi kanthu kopindidwa bwino. Chinali chitenje chobiriwira chija, nkhanga zitafwifwa, m'mphepete mutayamba kusomoka.

"Iwe wakuba," ndinatero. "Amai anachifunafuna mpaka kunamizira Ednah."

"Bananipatsa beka, pa basi," anatero akuseka ndi misozi. "Banati usauze Towela, azachita jelasi."

Anati amachifunda akadwala, ndipo sanachichapepo ndi sopo wonunkhira. Tsopano ankafuna kuti ndiwapititsire, ndiwauze kuti Chiza sanaiwale, abwera pa Khisimasi. Tonse tinkadziwa kuti kwa mutu wa Amai Khisimasi ndi kutali, koma palibe anatchula. Pa bwalo la ndege tinakumbatirana nthawi yaitali, ndipo ndinamuuza kuti akawagwire khutu amai akewo.

Ku Silverest ndinagona usiku umodzi wokha. Mervin ndi ana ankafuna nkhani za ndege ndi za azungu, ine ndinawapatsa maswiti nkuwauza kuti nkhani zibwera. Kutacha ndinakwera minibasi ya ku Chongwe, nkusinthira ya ku Kanakantapa. Mphepo ya mu Ogasiti inali itayamba, fumbi likulowa pa mawindo, minda ili mbee ndi mapesi. Njira yonse ndinkakonza mawu owauza, koma sankakonzeka. Nditatsika ndinazindikira kuti ndavala thalauza, ndipo pamaso pa Amai sitifika choncho, kaya akudziwa kaya sakudziwa. Chitenje changa ndinali nditachiiwala pa mpando kunyumba. Ndinatulutsa cha Chiza m'chikwama nkuchimanga m'chiuno.

Ndinawapeza pa mphasa pansi pa mango, akusenda nshawa m'lichero, Ednah akutsuka mbale chapafupi. Ndinati odi, ndikudikira mpando uja ndi funso lija. Amai anakweza maso, koma sanafike nawo kunkhope. Anaima pa nkhanga zija. Lichero linapendekeka, nshawa nkumwazika, ndipo anadzuka ndi changu chimene sindinachione chiyambireni matendawa.

"Chiza! Wabwera, mwana wanga?"

Anandikumbatira, nkundigwira pachipumi ndi kuseri kwa dzanja, nkundigwiranso m'khosi. Manja awo ankanunkha nshawa ndi utsi. Chinali chitadutsa chaka asanandikhudze. Ednah anatsegula pakamwa kuti awakonze, ine ndinamupukusira mutu.

"Nabwera, Amai."

"Malungo aja anatha? Waonda iwe. Kumene unali sakupatsa chakudya?"

"Anatha, Amai."

Anandikhazika pa mphasa pakati pa miyendo yawo monga ankachitira pondiluka tsitsi ndili wamng'ono, nkuyamba kundichotsa fumbi m'mutu. Ankandiuza za nkhuku zimene zafa ndi chitopa, za mvula imene yachedwa, ngakhale nthawi yake inali isanakwane. Ndinatsamira pachifuwa pawo nkutseka maso. Ndinaganiza za Elvis ndi dzina lake lopatsidwa ndi anthu ongomutola, ndipo ndinati ngati mtengo wake ndi umenewu, langa likhale Chiza, palibe kanthu.

Kenako zala zawo zinaima m'tsitsi mwanga.

"Nanga mkulu wako Towela wamusiya kuti?" anafunsa. "Mwana uja analeka kubwera kuzaniona. Amangotuma anthu achilendo. Kaya ninamulakwira chani."

Ednah anasiya mbale nkulowa m'nyumba. Ine ndinawagwira dzanja Amai nkuwayankha.

"Simunamulakwire, Amai. Ali m'njira, abwera."

"Basi timudikire," anatero Amai. "Usadye nshawa zonse, umusiyireko."

Anandikokera pafupi, nkuika chibwano chawo paphewa panga, ndipo tonse awiri tinakhala tikuyang'ana kumsewu.