Galasi Lilibe Msoko

Mphepo ya kumpoto inandiswera galasi Lachitatu m'mawa, ndili mkati mosita siketi ya kasitomala. Ndinali nditatsekula zenera la m'chipinda chosokera kuti nthunzi ituluke, n'kuiwala kulikola ndi kachitsulo kake. Linamenyetseka kamodzi kokha. Mwa magalasi ake asanu ndi limodzi, la pansi kudzanja lamanja linagwera pa makina osokera, zidutswa zina n'kulowa m'bokosi la mabatani.

Galasi palokha silikanandidetsa nkhawa. Ife a m'mapiri a mzinda wapadoko wa Valparaíso mphepo ndi yathu, zivomezi ndi zathu, ndipo wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Chimene chinandiopsa ndi mawu anga omwe. Chaka chatha nditaterereka pa masitepe, mwana wanga Nibaldo anafuna kunditengera ku likulu la dziko, ku Santiago, ku nyumba yake ya pa nsanjika ya khumi ndi chinayi, kumene mazenera satsekuka n'komwe. Ndinakana, ndipo pokanapo ndinadzitama kuti, "Tsiku limene nyumba ino idzandigonjetse pa kanthu kamodzi kokha, udzabwere ndi makatoni olongezera katundu, sindidzatsutsa." Nibaldo anatengera bambo ake, malemu Hermógenes, saiwala mawu a munthu. Ndiye amabwera kudzandiona Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse, ndipo Lamulungulo linali pakhomo.

Ndisanatole n'komwe zidutswa, Ercilia anali atafika. Ercilia ndi mnansi wanga. Nyumba zathu zinatsamirana kalekale, moti ndikayetsemula iye ndiye amayankha.

"Doña Eduvigis, mwavulala?"

"Lavulala ndi galasi, ine ndili bwino."

"Muimbireni Nibaldo akutumizireni munthu."

"Ercilia, ukangomuuza, pakamwa pakopo ndisoka ndi ulusi wa nsapato."

"Ine? Ndinayamba ndaululapo chiyani ine?"

Tikanati tiwerenge zimene anaulula, dzuwa likanalowa.

Ndinavala magolovesi a Hermógenes n'kuyamba kuzula mano a galasi otsalira m'felemu. Phala lomatira galasi, lija timati masilla, linali litauma gwa. Ndinaligoba pang'onopang'ono ndi mpeni wakale wa kukhitchini, kenako ndinazula timisomali tinayi timene tinali titabisala pansi pake. Pa magalasi enawo, phala lakale likadali ndi zidindo za chala chachikulu cha mwamuna wanga. Anamata yekha chitatha chivomezi cha mu 1985, ine nditamugwirira nyundo, ndikumuuza kuti akukhotetsa. Zaka zonsezi ndinali ndisanazione zidindozo. Ndinaima kaye pang'ono, kenako ndinapitiriza kugoba.

Kuyeza sikunandiopse. Ndayeza ziuno za theka la phiri lino kwa zaka makumi anayi ndi zitatu, ena akundinamiza pokoka mimba. Ndinachotsa tepi m'khosi, ndinayeza m'lifupi, ndinayeza m'litali, n'kulemba manambala kuseri kwa envelopu.

Lachinayi ndinatsika masitepe athu onse 112 kupita kwa don Floridor, wodula magalasi wa kuchigwa, bambo wamfupi wa dazi amene zala zake ndi zipsera zokhazokha.

"Wayeza ndani, doña?"

"Ndayeza ine. Pali vuto?"

"Ayi, ayi. Mwachotsera kale?"

"Ndachotsa zonse," ndinatero, ndikuganiza kuti akunena zidutswa za galasi lakale. Sindinafunse kuti kuchotsera chiyani. Safunsa anadya phula.

Anadula galasi, analikulunga m'nyuzipepala, n'kundipatsanso chibulumwa cha phala m'kapepala ka pulasitiki. Ndinakwera nalo m'khwapa, mphepo ikulikankha uku ndi uku, ine ndikupuma pa masitepe makumi awiri alionse ngati ndikuona zombo padoko. Nditafika ndinalimasula bwinobwino, n'kuliyika pa felemu.

Silinalowe. Linangokhala pamwamba pa thabwa, lokula mbali zonse.

Ndinayamba ndi kutukwana don Floridor, iye ndi dazi lake. Kenako ndinayezanso felemu, n'kuyang'ana pa envelopu, ndipo manyazi anandigwira ndili ndekha m'nyumba. Pa nambala iliyonse ndinali nditawonjezera sentimita imodzi. Dzanja langa linachita lokha osandiuza, monga lachitira pa nsalu iliyonse chiyambire: linasiya malo a msoko. Telala aliyense amadziwa kuti nsalu umadula yokulirapo, chifukwa chachikulu umabweza, chaching'ono umalira. Ndikuuzeni zoona, dzanja lomwelo linafika mpaka pogwira sizasi ndisanazindikire kuti galasi silipindika.

Poyezanso paja ndinapezanso china. M'lifupi mwa pamwamba ndi m'lifupi mwa pansi munali mosiyana. Mbali ya kumanzere inali yaitali kuposa ya kumanja. Felemu yonse inali yopendekeka, ndipo ngakhale ndikanapanda kuwonjezera kanthu, galasi la ngodya zowongoka silikanakhalamo. Ndinatseka bowolo ndi katoni, n'kukhala pa mpando wa makina. Mphepo inkalira m'mphepete mwa katonimo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinadziona ndili pa nsanjika ya khumi ndi chinayi, ndikuyang'ana magalimoto, manja ali pamiyendo. Ndinachita mantha, sindibisa.

Amene anandipulumutsa ndi doña Leontina, ngakhale anamwalira zaka khumi zapitazo. Anali kasitomala wanga wa phewa limodzi lotsika, ndipo madiresi a m'sitolo ankamukhala ngati apachikidwa pa msomali. Iyeyo sindinkamuyeza ndi tepi. Ndinkamuyala pepala pathupi, ndikulipinda ndi kulidula mpaka litatenga thupi lake momwe linalili. Lachisanu m'mawa ndikumwa tiyi ndinamukumbukira, ndipo ndinayang'ana zenera langa n'kuseka. Nyumba yomwe yavina zivomezi zonsezi ingakhale bwanji ndi mapewa ofanana?

Ndinatenga pepala lolimba lodulira patani, ndinaliyala pa bowo, n'kulikanikiza ndi chikhadabo m'ngalande ya felemu kuzungulira mbali zonse zinayi. Ndinadula motsata mzerawo. Ndinaliyesa, ndinachepetsa ngodya imodzi, ndinaliyesanso mpaka linakhala phee. Ndi choko ndinalemba kuti "pamwamba" ndi "kunja", monga ndimalembera kutsogolo ndi kumbuyo kwa bulauzi. Kenako ndinatsikanso masitepe aja, galasi m'khwapa, patani m'chikwama.

Don Floridor atandiona anayamba kuseka ndisanalowe.

"Lakana?"

"Lakana. Ndinawonjezera malo a msoko."

Anaseka mpaka anagwira tebulo. "Msoko! Pa galasi! Doña, mukanandiuza ndikanakuikirani ndi zipi yomwe."

"Sekani mumalize, ndili ndi ntchito."

Ndinayala patani pa tebulo lake. Kuseka kunatha. Analitembenuza, anayika chitsulo chake choyezera ngodya, anaona mmene mbali imodzi inathawira, n'kundiyang'ana pamwamba pa mandala.

"Anakuphunzitsani ndani zimenezi?"

"Mayi wina wa phewa lotsika."

"Amuna a m'mapirimu amabwera ndi manambala awiri, amabwerera katatu, kenako amati ine ndine wosadziwa kudula. Nyumba ya m'phiri ilibe ngodya yowongoka ngakhale imodzi." Anayika galasi lija pamwamba pa patani. "Ndipo mwayi wanu, n'lalikulu. Ndingodula lomweli. Likanakhala laling'ono bwenzi mukugula lina."

"Mwaona? Malo a msoko amenewo."

Ndinaona kuti zamulowa. Anayendetsa kachitsulo kake kodulira mkati pang'ono mwa mzera wanga, ndipo ndinamugwira mkono.

"Mukuchepetsa."

"Ndi kuchotsera kuja ndinakufunsani dzuloku. Mamilimita atatu. Mvula ikagwa thabwa limatupa, ndiye galasi likakhala lothina limasweka lokha popanda wolikhudza."

Pamenepo ndinamusiya. Zimenezo ndimazidziwa bwino: diresi lothina limang'ambika pa ukwati, mwini wake akangokhala pansi.

Loweruka ndinadzuka ndi ntchito imodzi. Zenera langa limatsekukira mkati, choncho ndinagwira ntchito yonse mapazi ali pansi, osakwera pa mpando. Phala lija ndinalikanda m'manja ngati ufa wa buledi mpaka linafewa n'kuyamba kununkha mafuta. Ndinalipota timizere, ndinayala mzera woonda m'ngalande, kenako ndinanyamula galasi n'kulilowetsa. Linakhala. Ndinalikanikiza m'mphepete mokha, osati pakati, monga anandichenjezera don Floridor. Timisomali ndinatikhoma mogoneka, nyundo ikutsetsereka pagalasi, ine nditagwira mpweya. Kachinayi kanandibaya chala, ndinangoyamwa magazi n'kupitiriza.

Ercilia anali pa zenera lake nthawi yonseyi, chibwano chili pa mikono.

"Mukukhotetsa, doña."

"Chokhota ndi diso lako."

"Hermógenes ankachita ndi chala."

"Hermógenes sankadziwa kupinda mpendero."

Phala la pamwamba ndinalisalaza ndi mpeni wopakira batala, kukoka kamodzi kuchokera pa ngodya kufika pa ngodya. Mbali yoyamba ndinabwereza kanayi. Yomaliza inatheka ulendo umodzi, yosalala, ngodya zake zokumana bwino ngati kolala ya shati. Nditatseka zenera, phala latsopano linatsalira kunja kosaoneka. Ndinatsuka magalasi onse asanu ndi limodzi kuti latsopanolo lisawale lokha, ndinawiritsa masamba a bulugama kuti fungo la mafuta lithe, zidutswa ndi katoni n'kukataya kutali.

Lamulungu Nibaldo anafika masana, akupuma mwa wefuwefu. Mwana wa zaka makumi anayi, masitepe omwewa amamugonjetsa kuposa ine. Anandipsompsona pamphumi. Masiku onse amathamangira kukhitchini kukafuna buledi ndi mapeyala, koma tsikuli analunjika ku chipinda chosokera. Pamenepo ndinadziwa kuti ulusi wa nsapato uja ndinachedwa nawo.

Anaima patsogolo pa zenera, manja m'thumba. Anayang'ana galasi lililonse. Anasuzumira pansi, anayang'ana kuseri kwa makina.

"Amayi, a Ercilia anandiimbira Lachitatu. Akuti zenera lasweka, mphepo ikungolowa, inu mukugona m'chisanu."

"Ukuona mphepo muno?"

"Ayi." Anakanda m'mutu. "A Ercilia nawo akalamba. Mwina analota, kapena linali la nyumba ina."

"Mwina."

"Koma magalasiwa mwawatsuka bwino. Tiyeni tikamwe tiyi."

Anatembenuka kuti azituluka. Ndinali nditapambana. Chimene chinatsala n'kungotseka pakamwa, kumutsatira kukhitchini, Ercilia n'kusanduka wabodza, nyumba n'kukhala yanga. Koma masiku anayi a ntchito yanga, maulendo awiri a masitepe, patani, chala chobayidwa, zonsezo munthu n'kungoti magalasi mwawatsuka bwino? Zinandikanika kumeza.

"Nibaldo, bwerera."

Ndinatsekula zenera n'kulitembenuzira kwa iye.

"Ercilia sananame. Linasweka ndi ili. Ndaika ndine."

Anayang'ana phala latsopanolo, anayang'ana ine, kenako chala changa chomanga kansalu. Nkhope yake inasintha, ndipo ndinaona mawu akubwera: mukanadzicheka mtsempha, mukanagwa, pa msinkhu wanu. Ndinaimika khosi kuwadikira.

"Anakuthandizani ndani?"

"Wodula anadula. Zina zonse ndi manja awa."

"Felemu iyi ndi yokhota, Amayi. Bambo ankaidandaula. Munayeza bwanji?"

Ndinatulutsa patani m'dirowa n'kumupatsa. Analitambasula, anawerenga "pamwamba" ndi "kunja", n'kuliyika pa galasi. Kenako, monga mwana aliyense wosamva, anatambasula chala chachikulu n'kudina phala langa kuti aone ngati lauma.

"Iwe! Chotsa dzanja!"

Ndinamumenya pa mkono, koma chidindo chinali chitatsala kale, chakuya, pa mbali yanga yokongola ija. Ndinathamangira mpeni wa batala. Pobwera ndinamupeza akuyang'ana galasi la pamwamba pake, pamene pali zidindo za bambo ake, chala chake chikuyenda pa izo chimodzichimodzi. Mpeni uja ndinaubweza m'thumba la epuloni.

Tinamwa tiyi. Anadya buledi atatu, anandiuza za ntchito, za ana, za mtengo wa mafuta a galimoto. Za Santiago sanatchule, inenso sindinafunse. Dzuwa litapendeka anatsanzika, ndipo patani lija analipinda n'kuliika m'thumba la jekete osapempha.

Ndinapita ku chipinda chosokera kukamuona akutsika, monga ndimachitira nthawi zonse. Pa galasi latsopanolo msewu wa kumunsi umaoneka bwino kuposa pa enawo. Ndinamuona akufika pa galimoto yake, koma sanalowe. Anatsekula kumbuyo, n'kutulutsa makatoni opindapinda, mtolo wonse womanga ndi chingwe, ambiri okwana kulongeza makina, mbale, ndi zithunzi zonse za pakhoma. Anali atabwera nawo, ndipo tsiku lonse sanandiuze. Anaunyamula mtolowo, anawoloka nawo msewu, n'kukautsamiritsa pa ngodya pamene otola makatoni amadutsa Lolemba m'mawa.

Kenako anayang'ana kumtunda. Pa mazenera onse a phiri lino anadziwa loti ayang'ane, ndipo anakweza chala chachikulu chija, chimene chinadinda phala langa. Misozi inabwera, koma ndinaipukuta msanga, chifukwa Ercilia anali kale pa zenera lake.

"Wapita, doña?"

"Wapita yekha," ndinatero. "Mawa ubwere ndi galasi lako la kubafa lija, lakhala losweka zaka ziwiri."