Mbewu ya Chinangwa Pansi pa Mango

Madzi a mtsinje wa Luweya atasefukira chaka chimenecho, sanasankhe munda. Anagona m'chinangwa cha anthu mpaka chonse chinaolera pansi, ndipo munthu akazula phata ankangotulutsa phala lonunkha. Hellen anazula mapata angapo m'munda mwake n'kulekeza pomwepo. Ngakhale mitengo yake, imene anthu amadula n'kubzalanso, inali itawolowa yonse.

Njala ya miyezi ingapo sinkamuopsa kwambiri Hellen. Imeneyo munthu amaipirira ndi usipa, n'kumapempha kwa abale akumapiri. Chimene chinkamudetsa nkhawa ndi sutikesi yomwe inali pa mtanda wa denga. Mwamuna wake, a Killion, anatha zaka zambiri ku Halale akuphikira azungu, ndipo atabwerako analonjeza kuti sadzapitanso, bola munda uzidyetsa banja. Tsono chinangwa chimafuna chaka kuti chikhwime. Kupanda kubzala mvula isanathe, sutikesi ija inayenera kutsika basi.

Ndiye tsiku lomwe sitima inaima patali n'kutumiza boti lodzaza mitolo ya mbewu ya chinangwa, Hellen anathamangira kumchenga ngati mtsikana. Anasolola mtengo umodzi, naukanda ndi chikhadabo. Mkati munali mobiriwira, ndipo utomoni woyera unatuluka. Mbewuyo inali yamoyo.

Koma amuna ananyamula mitoloyo n'kukaiunjika pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi tchalitchi, ati ayambe akambirana kaye. Abale inu, kukambirana kwa amuna a kuno mukukudziwa.

Ada Mizeck, mkulu wa mpingo, ananena kuti mbewuyo anagula ndi Akhristu a ku Skotilandi atamva za madzi, ndipo kuikana n'kuchititsa manyazi anthu amene anapereka mwa chifundo. A Killion anaimirira, jekete la ku Halale lili pathupi dzuwa likuswa mtengo. Anati mbewuyo yachokera ku Rodeshiya, yabwera m'sitima ya boma la Chitaganya, lija la azungu lotiphatikiza ndi Rodeshiya, ndipo mawa lomwelino bomalo lidzalengeza kuti Atonga alandira Chitaganya ndi manja awiri. Anthu ena anawomba m'manja, ena anang'ung'udza.

Nkhani ikanatha mwina, akanapanda kuyankhula a Stanley, mlangizi wa zaulimi wochokera ku Dedza. Iwo anati aliyense wolandira mbewuyo abzale pa mizere monga boma likufunira, osati pa matutu, milu yadothi imene makolo ankabzalapo. Apo ndiye panayaka moto. Ngakhale ena amene anali kumbali ya Ada Mizeck anasamuka. Msonkhano unabalalika atagwirizana chinthu chimodzi chokha, chakuti munthu asakhudze mitoloyo.

Hellen anali ataunda kale matutu ake. M'mawa uliwonse popita kukatunga madzi ankadzera pa mango paja, n'kukanda mtengo umodzi mobisa. Utomoni unali kuchepa. Tsiku lina anawaza madzi pamitolopo n'kufunditsa masamba a nthochi, koma masana anapeza masambawo atachotsedwa. Akuti kusamalira mbewuyo n'chimodzimodzi kuilandira.

"Bambo a Jessie," anatero kwa mwamuna wake akusoka ukonde pakhonde, "mbewu ija ikuuma."

"Tikumananso Lachitatu."

"Munakumana Lachitatu lapitali."

"Iwe sukudziwa mmene anthu aja amachitira. Ine ndakhala nawo. Amakupatsa kanthu lero, mawa akulanda dziko."

"Sindikukutsutsani. Mwina mukunena zoona. Koma mtengo wa chinangwa sudikira Lachitatu."

A Killion anapitiriza kusoka ukonde wawo. Ndipo kunena chilungamo, sanali munthu wopusa. Ku Halale anaona zimene ankanenazo, anagona m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya mzungu, ankayenda ndi chitupa ngati mlendo. Hellen ankazidziwa zonsezo, n'chifukwa chake sanafune kuti abwerereko. Anali atatopa kulera ana yekha, ndipo tsopano anatopanso kumva mawu akuti Lachitatu.

Misonkhano inapitirira. Ena anati atumize nthumwi kuboma. Nthumwi zinapita wapansi, zinabwera ndi yankho lomwe mbali iliyonse inati likuikira kumbuyo iwowo. Mvula inayamba kudumphadumpha, kenako inaleka, ndipo mwera unayamba kuwomba panyanja. Mbuzi zinakwera pamitolo ija n'kumagonapo.

Potsiriza anamvana. Mbewuyo aitchule kuti mphatso ya mpingo, agawe ndi akulu a mpingo pa Sabata, mlangizi asakhalepo, ndipo aliyense abzale mmene akufunira. A Killion anabwera kunyumba atasenza mtolo paphewa, nkhope ili ngwee.

"Waona, mayi a Jessie? Sitinagwadire munthu. Ndikatule kumunda?"

Hellen anasolola mtengo umodzi, naukanda. Khungwa linangofumbuka. Anasolola wina wa pakati penipeni pa mtolo, naukandanso, kenako anauthyola. Unalira ngati lukuni louma. Anawaonetsa amuna ake chikhadabo chopanda utomoni.

"Tulani kuseri, pamene pali nkhuni zinzake."

Hellen anabzalako ndithu ingapo yomwe inkaoneka ngati ili ndi moyo, n'kumathirira ndi mtsuko. Palibe umene unaphuka.

Mwezi wozizira usanathe, a Killion anakwera pa mpando n'kutsitsa sutikesi ija. Anaipukuta fumbi osayang'ana mkazi wawo. Hellen sanawanene, analibenso mphamvu yonenera munthu. Anapita kuseri, natenga mitengo ya chinangwa ija, nakoleza moto wowambira nsomba zoti amuna ake akadye panjira ya ku Halale. Inayaka bwino kwambiri, pakuti inali itaumitsitsa.