Dzina Lakale la Maribel

Tinalipo anayi olemba sewero lina la pa TV mumzinda wa Mexico, koma amene ankalimbana anali Maribel Quezada ndi Efraín Tovar. Mkulu wathu, Doña Leticia, anali pafupi kupuma pa ntchito, ndipo onse awiri ankaufuna mpandowo. Ankamwera limodzi khofi n'kumaseka, mano okha.

Sewero lathu linali la mtsikana wogwira ntchito pa kampani yaikulu ndi dzina labodza. Anthu ankalikonda, koma ifeyo tinali tisanagwirizane chimene mtsikanayo ankabisa. Tsiku lina pamsonkhano Efraín anabwera ndi yankho. Anati mtsikanayo akhale wa kumapiri a Oaxaca, mwana wa bambo amene anapha mng'ono wawo polimbirana munda wa khofi, ndipo mtsikanayo anasintha dzina pothawa manyazi. Pofotokoza zonsezi sanamuyang'ane Maribel.

Ine ndinkadziwa kuti sizinali zopeka, poti Maribel anandiuzapo kale kuti dzina lake lobadwa nalo ndi Florencia, ndipo nkhaniyo inali ya kwawo. Tinadzamva pambuyo pake kuti Efraín anaitola kwa msuweni wa Maribel, woyendetsa takisi wosasunga pakamwa.

Doña Leticia anaikonda nkhaniyo, ndipo anauza Maribel kuti alembe yekha gawo loulula chinsinsi, poti ndi amene ankatha kuliza anthu. Titatuluka, Maribel anamuimitsa Efraín pamasitepe.

“Wakuuza ndani?”

“Zachani, mlongo wanga? Ili ndi sewero chabe. Kapena mtsikanayu ukumudziwa?”

Kukana kulemba kukanakhala kuvomera, choncho analemba. Koma mkwiyo unamupititsa patali. Anaikamo zimene Efraín sankazidziwa: mayi akuchapa malaya a magazi kumtsinje, mwana akunyamula chakudya kupita kundende Lamlungu, ana anzake akumugenda pamsewu. Ndinamuchenjeza kuti achotseko zina. Anandiyankha kuti ngati nkhani yake ikugulitsidwa, aigulitse mwini wake.

Gawolo litaonetsedwa, anthu analira m'nyumba zambiri. Kumudzi kwa Maribel nakonso anaonera, ndipo sanavutike kuzindikira. Azimayi anasiya kugula buledi wa amayi ake, ndipo ana a malemu aja anayambanso kulavula podutsa pakhomo. Amayiwo anamuimbira foni masana ena tili mu ofesi. Ndinali pafupi, ndinamva.

“Florencia, anthu anali atayamba kutiiwala.” Ndipo anadula.

Mpando uja anapatsidwa Maribel. Tinamugulira keke, iye anaidula n'kugawira aliyense, Efraín yemwe, koma sanalaweko. Mwezi wotsatira anapita kumudzi kukapepesa. Amayi ake anamulandira, anamuphikira, anamuyalira pogona, koma za sewero sanafune kumva ngakhale liwu limodzi. Pomuperekeza kokwerera basi anangomupempha kuti asabwerenso chaka chimenecho.

Atabwerako anali ataonda. Efraín, amene tsopano anali pansi pake, anafunsa pamsonkhano kuti tichite nawo chiyani bambo a mtsikana uja, poti oonera ankafuna kuwaona atatuluka m'ndende. Maribel anati bamboyo amwalire ali komweko, mwana wake asanafike, ndipo gawolo alembe Efraín. Iye analilemba katatu konse, ndipo Maribel ankalibweza, akuti silinafike pomwe ankafuna.