Suti Yakuda Ili kwa Alamu

Cholakwa cha a Sipeya sichinali kukachitidwa opaleshoni ayi. Opaleshoniyo inali yoyenera, madokotala anachita kunena mosapsatira kuti akapanda kuchepetsa chifu, shuga ndi kuthamanga kwa magazi ziwatenga asanaone mdzukulu. Cholakwa chawo chinali phuma ndi pakamwa. Atatsala pang'ono kukagonekedwa, anatsegula kabati n'kutulutsa zovala zawo zonse zikuluzikulu, mathalauza, malaya, ngakhale suti yakuda imene anachita kusoketsa kwa telala chifukwa m'sitolo munalibe yowakwana. Anazilongedza m'matumba n'kukazitula kwa alamu awo, mchimwene wa akazi awo, amenenso anali munthu wa thupi lake ndithu.

"Tengani alamu, zikuthandizeni," anatero akudzigunda pamimba. "Ine posachedwapa ndizibwereka thalauza kwa mwana wasukulu."

Pobwerera anadzera m'sitolo n'kugula suti ina yotuwa, yaing'ono, n'kuipachika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kuti aziiona podzuka. Akazi awo anangoti, "Bambo inu, bwanji osadikira kaye?" Koma munthu akatentheka mutu ndi chiyembekezo, mawu a mkazi wake amangomudutsa pamwamba.

Dzina la Sipeya anawapatsa ndi madalaivala anzawo ku depoti ya mabasi, ati chifukwa ankayenda ndi tayala lapadera m'chiuno. Iwo sankakwiya nalo. Ankaliyankha ndi chiseko, ndipo apaulendo ambiri ankawakonda chifukwa cha nthabwala zawo komanso kusathamangitsa basi.

Mwezi woyamba atatuluka m'chipatala sikelo inatsika mosangalatsa, moti a Sipeya ankaimba m'bafa. Kenako inangoti njii, osasunthanso. M'mawa uliwonse ankaikwera atavula zonse, mpaka wotchi, nthawi zina n'kuisunthira pakona ina poganiza kuti mwina simenti ndi yopendekeka. Ayi ndithu, nambala yomweyo. Ikatsika pang'ono sabata ino, sabata yamawa inkabwerera ngati yaiwala kanthu.

Ndiye musaganize kuti ankaba zakudya. Munthuyu ankadyera pa sosala, ndi kasupuni ka tiyi. Theka la dzira, kachidutswa ka nsomba, kutafuna mpaka nsagwada kutopa, madzi osamwera pamodzi ndi chakudya. Akangowonjezera supuni imodzi, chifuwa chinkathina mpaka thukuta kamukamu. Pa nthawi yopuma anzawo akamatsegula mabokosi a nkhomaliro, iwo ankazungulira mpanda wa depoti wapansi. Namwino wa ku chipatala ankawalimbikitsa kuti matupi amasiyana, ena amatsika mofulumira, ena mwakachetechete, komanso kuti shuga wawo watsika bwino kwambiri. Zoona zimenezo, koma shuga ndani amamuona munthu akamadutsa pamsewu?

"Kodi a Sipeya," anafunsa tsiku lina makaniko wa pa depoti, anthu ali gulu, "dokotala uja anadula chifu, kapena anangokusisitani n'kukutsanzikani?"

Anthu anafa nacho chiseko, ndipo a Sipeya anaseka nawo monga mwa masiku onse. Atatha anakalowa m'basi yowonongeka imene inkaima kumbuyo kwa garaja, n'kukhala pampando wakumapeto. Kunena zoona, bambo wamkulu uja analira. Anali atapereka mbali ya thupi lake, atasiya chilichonse chimene ankachikonda m'kamwa, koma pagalasi ankangoona munthu yemwe uja.

Nkhani inafika povuta mwana wawo wamkazi, mzime, atamaliza maphunziro a uphunzitsi. Ku mwambo wolandira digiri ankalola alendo awiri okha kulowa m'holo, ndipo mwanayo anatumiza makadi awiri, la amayi ake ndi la abambo ake. A Sipeya anatsitsa suti yotuwa ija pachitseko. Thalauza linathera m'ntchafu. Jekete analowamo movutikira, koma batani ndi bowo lake zinkangoonerana patali. Kupatula yunifolomu ya kuntchito, m'kabati munali mathalauza awiri okha otha m'mawondo.

"Sindipita," anauza akazi awo. "Abale onse akudziwa kuti ndinang'ambidwa. Akandiona azikayang'ana mimbayi, osati mwana. Khadi langali apite nalo malume ake."

"Ndiye mukawapatse nokha achimwenewo," anayankha akazi awo akupitiriza kusita. "Ine manyazi anu sindinyamula. Ndipo pofika kumeneko mukumbukire kuti suti yanu yakuda ili m'kabati mwawo."

"Ndikapemphe chinthu chimene ndinagawa ndekha? Pakamwa pa alamu mukupadziwa inu?"

"Ndikupadziwa. Panunso ndikupadziwa."

Madzulo ake mwana uja anaimba foni, amayi ake atamutsina khutu. Sanakalipe. Anangoti, "Ababa, ine ndaitana inuyo. Munkadzuka mbandakucha kukayendetsa basi kuti ine ndiphunzire, ndiye tsiku lakelo pampando panu pakakhale munthu wina? Mukapanda kubwera ndikukhululukirani, koma sindidzaiwala." 

Loweruka m'mawa ananyamuka, khadi lili m'thumba la malaya. Njira yonse sankadziwa ngati akukapereka khadi kapena akukapempha suti. Alamu awowo anali ndi sitolo ya misomali ndi penti, ndipo ankakhala kuseri kwa sitoloyo. Anawapeza pabalaza, atadzaza okha sofa ya anthu awiri, fani ikuwapemerera.

"Eee! Amayi, tabwerani mudzaone!" anakuwa alamuwo kuitana akazi awo. "Kwabwera mwana wasukulu uja! Koma ndiye mwatha alamu, ndikanakuphonyani pakhomopo."

"Inu mukadzandiphonya ine ndiye kuti maso apita," anabweza a Sipeya. "Nanga sofayi munagula kapena munabadwa nayo?"

Anaseka onse, monga ankachitira zaka zonsezi. Koma chiseko chitatha a Sipeya anayamba kupotokola chipewa m'manja. Anazungulira, za mvula, za mitengo ya penti, mpaka mawu anatuluka okha motsitsa.

"Alamu, suti yakuda ija. Mundibwereke ya tsiku limodzi."

Ankayembekezera kuti nyumba igwa ndi chiseko. Koma alamuwo anangowayang'ana, n'kuloza chitseko cha kuchipinda. "Ili kumanzere m'kabati. Kayeseni."

A Sipeya anavala thalauza lija. Linali kukhwepa! Analowetsa chibakera chonse m'chiuno, malo n'kutsalabe. Jekete nalo linkalendewera pamimba ngati la eni ake. Anaima pagalasi la kabati, kutembenukira uku ndi uku, misozi ili lengelenge. Kani sikelo ija inkanama! Anatuluka atagwira thalauza ndi dzanja limodzi, akuvina pang'onopang'ono.

"Alamu, taonani! Taonani kuno! Mungalowemo anthu awiri muno!"

Alamuwo anaomba m'manja, koma mofooka, maso ali kukhitchini. Nthawi yomweyo akazi awo analowa ndi thireyi ya tiyi. Mayiyu anali wosoka zovala, ndipo a Sipeya ankawaitana kuti achemwali. Anali munthu wabwino mtima, koma wosadziwa kusunga mawu m'kamwa.

"Ii, achimwene, ikukukhwepani chonchi chifukwa ndinaikulitsa," anatero akuika makapu patebulo. "Bambo awa sinkawakwana. Ndinamasula misoko yonse, kumbuyoku n'kuwonjezera nsalu."

"Amayi inu!" anadzuma alamu aja.

Koma mawu anali atatuluka kale. A Sipeya anaima pakati pa balaza, dzanja lidakali m'chiuno, kumwetulira kukuzima pang'onopang'ono. Palibe chimapweteka ngati kusangalala pagulu ndi chinthu chabodza. Anakhala pampando, napisa m'thumba la malaya, n'kuika khadi lija pambali pa kapu ya alamu awo.

"Mwambowo ndi Loweruka likubwerali. Mupite ndinu, ndinu malume ake. Ine ndatopa, alamu. Ndatopa kusekedwa, ndatopa kudikira."

Achemwali aja anazindikira zimene anachita, ndipo manyazi anawagwira. Koma m'malo mopepesa ndi pakamwa anakatenga kachitini ka mapini.

"Taimirirani, achimwene."

"Zisiyeni, achemwali."

"Ndati imirirani. Suti ndinaiwononga ndine, ndiikonzanso ndine."

Anaimirira monyinyirika. Mayiyo anagwada kumbuyo kwawo, mapini ali kukamwa, n'kupinda mkombero wa thalauza kuti aone mkati. Pamene panadutsa ulusi wa telala woyamba pankaonekabe, kamzere ka timabowo ta singano. Anapinda nsalu yowonjezera ija yonse mpaka kufika pakamzerepo, pamene thalauzalo linkathera a Sipeya asanapite ku chipatala. Anakoka. Linali likadakhwepa. Anapindanso pang'ono, n'kubaya pini.

"Apa ndi pamene munali," anatero atachotsa mapini kukamwa, akuwagwiritsa ndi chala. "Apa ndi pamene muli. Zala ziwiri."

"Ziwiri?" A Sipeya anaseka mowawidwa. "Miyezi yonseyi, njala yonseyi, kudyera pa sosala ngati mphaka, zala ziwiri basi?"

"Ziwiri. Sindikuwonjezerani, sindikuchotserani."

Alamu aja anali atanyamula khadi, akulitembenuzatembenuza ndi zala zawo zonenepa. Atayankhula, mawu awo sanali a munthu wa nthabwala uja.

"Alamu, holo imeneyo ine sindingakhalemo. Mipando yake ili ndi manja m'mbalimu. Ku ukwati wa mwana wa mnzanga chaka chatha ndinaimirira kumbuyo mwambo wonse, ndikunamizira kuti ndikuyankha mafoni." Anapumira m'mwamba. "Sutiyi, yokulitsidwa kaleyi, mwezi watha inandikana. Inu zala ziwiri mukulowa mkati. Ine ndikutuluka kunja."

Akazi awo anayang'ana pansi, n'kuyamba kutolera mapini amene sanagwe n'komwe.

"Dokotala anandiuza zomwe anakuuzani inu zija," anapitiriza alamuwo. "Papita nthawi. Usiku amayiwa amandigwedeza kuti aone ngati ndikupuma. Ndikuopa, alamu. Ndimati ndione kaye inuyo mmene zikuyendereni." Anaika khadi lija patebulo. "Kodi zimapweteka?"

A Sipeya anayang'ana munthu amene anakhala akulimbana naye pa nthabwala kuyambira tsiku limene anakafunsira mlongo wake. Akanatha kubweza chipongwe chonse cha m'mawawo, mpata unalipo. Koma chifundo chinawagwira, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni ku chipatala anayankha funsolo mosaseka.

"Mpeni supweteka, umakhala uli mtulo. Chopweteka chimabwera pambuyo. Umadana ndi sikelo, umadana ndi galasi, tsiku lina umalira chifukwa cha fungo la buledi. Ndipo siziyenda mmene umaganizira, ine ndi uyu mukundionayu." Anamwa tiyi pang'ono. "Koma mapiritsi a shuga anandichepetsera. Ndipo usiku mlongo wanu sandigwedezanso, amagona tulo take."

Anadabwa kudzimva akunena zimenezo. Zinali zoona, kungoti anali asanaziwerengere ngati kanthu.

"Mungandiperekeze kwa dokotala?" anafunsa alamuwo, maso ali pa kapu.

"Lachiwiri sindigwira ntchito. Mukonzeke m'mawa, ndipo musavale zothina, kumeneko amayeza paliponse."

Alamuwo anaseka pang'ono, akupukuta m'maso ndi chikhatho, n'kukankhira khadi lija mbali ya a Sipeya. Achemwali anati jekete nalo alisiye, alibweza m'mbali ndipo pofika Lachinayi likhala litatheka.

A Sipeya anavalanso thalauza lawo lotha m'mawondo n'kutuluka kudzera m'sitolo. Panja anaima pamthunzi wa khonde, pafupi ndi zitini za penti, n'kuimbira mwana wawo. Mimba inali pomwepo, yaikulu ndithu, ndipo Loweruka abale adzaiyang'ana, ena adzanong'onezana. Zimenezo sizinasinthe ndipo ankadziwa.

"Ababa?" anayankha mwanayo mwamantha.

"Iwe, undisungire mpando wakumapeto kwa mzere," anatero. "Bambo ako akadali munthu wamkulu thupi."

Kumbali inayo kunamveka kufwenthera.

"Ndikusungirani iwiri, ababa. Inu mungobwera."