Katani ya Sultani

Lamulungu limenelo chionetsero cha zithunzi chinali chaulere, ndiye Paris yense anakhamukira komweko, ndi ochapa zovala omwe. Zélie yekha ndiye ankayenda ngati akupita kumaliro. Ukwati wake ndi Firmin, kalipentala wamanyazi uja, unali Loweruka likubweralo. Koma pakhoma lina m'nyumba ya chionetseroyo panali iyeyo Zélie, atagona chammbali pamapilo, wopanda ndi kansalu komwe m'thupi.

Zinachitika m'nyengo yachisanu. Zélie ankagwira ntchito pamalo ochapira a Mayi Gautheron, amayi ake a Firmin, ndipo ndiye ankakapereka zochapa kwa Bambo Savarel, mmisiri wopenta zithunzi. Mkulu ameneyu nyanja anali asanaiwolokepo chibadwire, koma ankapenta akazi a sultani ngati anakulira m'chipinda mwawo. Tsiku lina anamuyang'ana Zélie n'kunena kuti, "Iwe ndiwe wa ku Algeria." Ha, mwana wobadwira kuseri kwa msika wa nsomba! Anamukulunga nsalu kumutu, kumugwiritsa kaliwo wamtali wopanda fodya, kumugoneka pafupi ndi mbaula. Zélie analola chifukwa amayi ake anali gone, mankhwala akufunika. Savarel analumbira kuti nkhope aisintha. Bodza lenileni. Mnzake wina wa Zélie amene anachiona chithunzicho anadzamunong'oneza kuti, "Ndiwe ndithu, mwali, changotsala n'kuyankhula."

Tsono Mayi Gautheron sanali munthu wosewera naye. Anathamangitsapo wantchito chifukwa chongoseka ndi msilikali pakhomo. Ndipo lero ndi iwo amene anali patsogolo, ambulera m'manja, Firmin ndi Zélie akutsatira.

"Mayi, tiyeni uko, kuli zithunzi za ng'ombe zokongola," anatero Zélie.

"Ng'ombe ndinazisiya kumudzi, mwanawe. Ine ndikufuna apo padzadza anthupo."

Pomwepo ndiye panali pake. Azibambo a zipewa zazitali anali ataunjikana, makosi ali tolotolo. Wina wa ndevu zopesa bwino ankafotokozera mkazi wake mokweza ngati anapitako dzulo: "Ndi mmene amakhalira kumeneko. Tsiku lonse kungogona, kudikira mwamuna." Zélie anakumbukira dzanzi limene linkamugwira m'chiuno, ndi mulu wa malaya umene unkamudikira akadzuka pamapilopo. Akanapanda kukhala ndi mantha akanaseka.

Firmin anangoponya diso kamodzi, makutu n'kufiira psuu, maso n'kugwera m'chipewa chimene anagwira.

"Amayi, tiyeni. Izi si zoonera pamodzi ndi makolo."

"Khala chete iwe, ndinakusambitsa ndine."

Mayiwo anakankha anthu ndi chigongono mpaka kutsogolo, navala magalasi. Zélie anatsinzina.

"Haa! Katani iyi ndikuidziwa!" anafuula Mayi Gautheron.

Anthu onse anacheuka.

"Sultani wake uti? Iyi ndi katani ya Savarel, ya pawindo loyang'ana kumsewu! Onani apa pakona, ndinawaula ndekha ndi simbi. Mpaka wapenta ndi chipsera chomwe, munthu wosayamika!"

Kuseka kunabuka. Bambo wa ndevu uja anakoka mkazi wake n'kuchokapo, akung'ung'udza kuti n'chifukwa chake iye sakonda masiku aulere.

Koma maso a Mayi Gautheron sanathere pakatani. Anatsikira pamanja a mkazi wa m'chithunziyo, nakhala pamenepo. Kenako anakwera kunkhope. Kenako, pang'onopang'ono, anatembenukira kwa Zélie. Basi zatha, anatero mtsikanayo mumtima, ukwati wapita, ntchito yapita, ndipo Firmin amvera pagulu.

"Zélie, zochapa za Savarel umapereka ndiwe. Mkaziyu unamuonapo?"

"Ndinamuonapo, Mayi."

"Ngwakuti?"

"Akuti ndi wa ku Algeria."

"Kuchoka konseko kudzazizidwa kuno?" anatero Firmin, maso akadali m'chipewa. "Koma anthu alibe chisoni."

"Iwe, kafune benchi, miyendo yanga yatopa," anatero amayi ake.

Firmin anachoka mothamanga, wokondwa kuti wapulumuka. Mayiwo anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali ndi ngodya ya shawelo. Atayankhula, mawu awo anali apansipansi.

"Zaka zitatu manja amenewo ali m'beseni langa. Ungawaveke zibangili zingati, ine sindingawasokoneze."

"Mayi, ndikhululukireni, ine..."

"Chifukwa chake ndikuchidziwa, usandiuze. Ndinaliko pamene amayi ako ankadwala, sindinali kumwamba." Anamugwira dzanja, kulifinya mpaka kuwawa. "Tamvera. Mkazi wa ku Algeria uja wakwera sitima, wabwerera kwawo. Sabweranso. Ndipo kwa Savarel kuyambira mawa ndizipita ndekha, aone ngati inenso angandigoneke pamapilo. Wamva?"

"Ndamva, Mayi."

Mpweya umene Zélie anausunga chiyambire m'mawa unatuluka wonse nthawi imodzi, ndipo misozi inatsatira. Analira ngati mwana, pakati pa anthu, koma mtima uli mbee, wopepuka kwa nthawi yoyamba m'miyezi inayi.

Firmin anabwerera akupuma mwamphamvu. "Benchi ndaipeza. Aa, nanga Zélie akulira chiyani?"

"Nsapato zikumuthina," anatero amayi ake. "Mugwire mkono mkazi wakoyu, tizipita."