Oyilo wa Galimoto ya a January

Cecilia anaimika galimoto kutsogolo kwa sitolo ya masipeya ku Limbe, ndipo alamu ake, a Godfrey, anamuuza kuti waimika mopendama. Kuchokera ku Chilobwe anali atamuuza kale kuti amachedwa kusintha giya, kuti minibasi siipatsidwa mpata mwaulemu chonchija, ndi kuti chiwongolero sachigwira ngati lichero. Laisensi yawo eniake inatha ntchito kalekale. Koma anagwirapo ukalaliki pa kampani ina ya malole, ndipo kuyambira nthawi imeneyo nkhani za injini pabanjapo ankaziyankha ndi iwo, nthawi zambiri asanafunsidwe.

Panali patapita masiku asanu chiikireni m'manda a January, mwamuna wa Cecilia, mkulu wawo wa a Godfrey. Loweruka achibale ankayenera kukhala pansi kugawa katundu wa malemu. A Godfrey anali atanena kale pasiwa, mokweza kuti ndi azimayi a kuseri amve, kuti galimotoyo ndi bwino ipite nawo ku Bangula ikasungidwe, chifukwa injini yokalamba imafuna munthu woidziwa, pamene alamu amangodziwa kupondaponda. Cecilia ankadziwa kuti katundu wopita kuchimuna kukasungidwa sabwerera. Ankadziwanso kuti popanda galimotoyo nkhuku zake sizingafike m'malesitilanti a ku Manja ndi m'tauni. Zaka ziwiri zonse, shuga atawononga maso a January, woyendetsa anali iye. Koma za pansi pa boneti sankazidziwadi, ndipo zimenezo ndi zimene zinkamusowetsa poyankha.

Galimotoyo itanyamula anthu a pamaliro maulendo osawerengeka, kanyali ka oyilo kanayamba kuphethira. A Godfrey anakaona ngati mboni yawo. Anati apite onse ku sitolo imene malemu ankagulako oyilo, kuti alamu akaone okha kulemera kwa udindo umene akuukakamira.

M'sitolomo zigubu zinali zitandandalikidwa mpaka kudenga, zagolide, zotuwa, zobiriwira, chilichonse ndi manambala ake: 0W-20, 5W-30, 10W-40, 20W-50. Cecilia anaziyang'ana ngati mmene ankayang'anira mapepala a kuchipatala. Anayesa kukumbukira chigubu chimene a January ankabwera nacho, koma ankangoona jumbo yakuda ndi dzanja lawo. Kukagula oyilo ankapita okha pa minibasi, ngakhale maso atafooka. Ankati zimenezo n'zachimuna.

A Godfrey anatsamira pa kauntala n'kuitanitsa m'Chingerezi oyilo wa sinthetiki, wapamwamba penipeni. Mwini sitolo, a Mahendra, bambo wa imvi wovala magalasi pamphuno, anawayankha m'Chichewa cha ku Limbe komweko kuti wa sinthetiki alipo wamitundu isanu, nanga akufuna uti.

Kenako a Godfrey anatembenukira kwa Cecilia ngati funsolo linali lake.

"Mukuona, alamu? Apa mpamene pamagwera anthu. Nambala ikachepa ndiye kuti oyilo ndi wapamwamba, ngati kusukulu. Wa nambala wani amaposa wa nambala teni. Ndiye uyu wa ziro," anatero akuloza chigubu chagolide, "palibenso womuposa."

Cecilia anaganiza kuti kusukulu wopeza ziro sankamuombera m'manja. Mwina injini ili ndi masamu ake. A Mahendra anafotokoza modekha kuti manambalawo sanena za ulemu wa oyilo koma kulimba kwake, kuti wa ziroyo ndi wopyapyala ndipo anapangidwira magalimoto atsopano, ndipo mu injini yotopa amatuluka ngati madzi mu dengu. A Godfrey anati zimenezo ankazidziwa, amangofuna kuona ngati sitoloyo ili ndi anthu ozindikira. Atafunsidwa kuti galimotoyo yayenda makilomita angati, anati ambirithu.

"Ikuyandikira firii handiredi sauzande," anatero Cecilia. "Yatsala pang'ono."

A Mahendra anatsitsa magalasi n'kumuyang'ana.

"Mayi, tanenaninso."

Cecilia anabwereza, akudabwa ngati walakwitsa nambala.

"Mawu amenewa ndi a kunyumba kwa a January. Ali kuti mzangayo? Mwezi uno ndimawayembekezera."

Anawauza ndi a Godfrey, mwachidule, kuti achimwene anatisiya sabata yatha. A Mahendra anaika manja onse awiri pa kauntala. Anapepesa. Ndiyeno anafotokoza chimene Cecilia sankachidziwa: kuti a January pa zaka zonsezo sanasankhepo oyilo. Ankafika, kupereka moni, kutulutsa foni, kuimbira kunyumba n'kuiika pa kauntala ili pa sipika. Mafunso ankachokera kwa a Mahendra, a January ankangowabwereza pa foniyo.

Cecilia anakumbukira mafoni ajawo. Ankabwera iye ali pakati pososola nkhuku, foni ataipanikiza ndi phewa. Kodi m'mawa uno galimoto inalira bwanji? Posesa unaona madontho angati a oyilo? Iye ankayesa kuti bamboyo wasowa chochita pa depoti, ndipo nthawi zina ankayankha mokalipa.

"Ndiye tipatseni yemweyo ankagulayo," anatero a Godfrey.

A Mahendra anakana. Anati injini imakalamba ngati munthu, zimene inkadya chaka chatha sizingakhale za lero, ndipo iwo sapereka oyilo asanafunse. Anayamba ndi a Godfrey, mwaulemu, popeza ndiwo anali ataima kutsogolo. Utsi wa m'mawa ndi wamtundu wanji? A Godfrey anati ndi utsi wa galimoto basi. Imagogoda ikangolizidwa? Anati zimatengera woliza. Pansi pamene imagona pamapezeka chiyani? Anati iwo m'nyumba ya maliro sakanayamba kukwawa pansi pa magalimoto.

A Mahendra anayang'ana kwa Cecilia.

Iye anayankha akuchita ngati akupepesa. Utsi umakhala wabuluu pang'ono, koma umatha asanatseke geti. Kugogoda kulipo, tche tche tche, kumasiya iye akamaliza ndime imodzi ya nyimbo ya kutchalitchi, ngakhale masiku ozizira a Juni kumafika ndime ziwiri. Dontho linali limodzi, kukula ngati chotsekera botolo, chakumanzere kwa tayala la kutsogolo. Chiyambireni maliro awa madontho akhala awiri, ndipo lachiwirilo ndi lakuda kwambiri. Polankhula ankadzifunsa ngati zimenezi ndiko kudziwa injini, kapena n'kungosesa pabwalo.

A Mahendra anatsitsa chigubu chotuwa cha 10W-40, wa sinthetiki wopangidwira injini zoyenda kwambiri. Anachiika patsogolo pa Cecilia, osati pa a Godfrey. Anamuchenjeza kuti oyilo si mankhwala a kudontha, dontho lachiwirilo akalionetse kwa makaniko sabata yomweyo, ndipo fyuluta ya oyilo asinthe pamodzi.

A Godfrey ananyamula chigubucho, kuchitembenuza, kuwerenga zolembedwa kumbuyo milomo ikuyenda. Anatsokomola.

"Alamu, ine ndaiona bwino nkhaniyi. Injini yodontha kawiri chonchi singapirire kutentha kwa kwathu kuchigwa. Ingakandifere m'manja, anthu n'kumati ndapha galimoto ya achimwene. Loweruka ndikawauza amalume kuti ndaiyeza ndekha, ikhale konkuno."

Cecilia anawathokoza chifukwa cha nzeru zawo. Sanadziwe ngati wapambana kapena wangosiyiridwa galimoto yodwala, koma makiyi anali m'dzanja lake. A Godfrey anatuluka ndi chigubucho atachikumbatira, akuuza wogulitsa nthochi pakhomo kuti oyilo wa masiku ano amafuna munthu wosamala.

Iye anatsalira pa kauntala. Panali chimene chinkamuvutabe.

"Ndiye zonse ndinkanena zija, sitolo yonse inkamva? Ndi kukalipa komwe?"

"Ndi nkhuku zomwe, mayi."

"Nanga iwo ankatani?"

A Mahendra anatsanzira a January. Anawongoka, anavula chipewa chimene sanavale n'kuchigwira pachifuwa, anapendeketsa mutu kuloza pamalo opanda kanthu pa kauntala pamene pankakhala foni, n'kukweza chala chimodzi m'mwamba.

Kumbuyo kwa mashelefu, anthu awiri ogwira ntchito amene ankakangana za mabatire anaona chalacho n'kusiya kulankhula, monga anazolowera.